Timitolo ta Mfundo Ziwiri

Pafakitale ija panalibe amene ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankati a Mphuno, ngakhale abwana, ngakhale woyendetsa lole amene ankabwera kamodzi pamwezi. Dzinalo analipata akadali ndi tsitsi lakuda, chifukwa ankati akangolowa m'chipinda cha masamba, maso ali chitsinzinire, ankadziwa belo la fodya limene lapsa ndi limene likufuna miyezi ina iwiri. Anatisiya tsopano, ndiye nkhaniyi ingathe kunenedwa popanda wochita manyazi.

Ntchito ya pamalopo inali ndudu, koma osati tindudu tamapepala ta m'magolosale iti ayi. Zinali ndudu zikuluzikulu, zonenepa ngati chala chachikulu cha mwamuna, masamba okhaokha kuyambira mkati mpaka kunja, zokulunga pamanja imodziimodzi. Mkati munkalowa masamba amitundu itatu. Tsamba lakunsonga kwa fodya, lokhuthala, lakuda, ndilo linkapereka mphamvu. Lapakati linkapereka fungo. Lam'munsi, lopyapyala, ntchito yake inali kuyendetsa moto. Atatuwa ankawamanga ndi tsamba lina, kenako pamwamba n'kuveka tsamba losalala lopanda banga, limene antchito ankalitcha khungu. Okulunga analipo khumi ndi awiri, koma wonena kuti tsamba ili likwatirane ndi liti, angati a uku ndi angati a uko, anali mmodzi yekha. Kiyi wa chipinda cha masamba ankakhala pakhosi pa a Mphuno, pachingwe cha nsapato. Ngakhale kalamba kapepala kagolide kamene ankaveka ndudu zapamwamba kanali ndi nkhope yawo, atayang'ana cham'mbali kuti mphunoyo ioneke bwino.

Chimene anthu sankadziwa n'chakuti mphunoyo inafa kalekale. Zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo anadwala chimfine chachikulu, anagona milungu itatu, ndipo podzuka anapeza dziko lilibenso fungo. Sopo, palafini, thukuta la anthu m'basi, zonse zinali ngati madzi. Pakamwa ankangomva mchere ndi shuga, basi. Anauza munthu mmodzi yekha, akazi awo, ndipo anawauza akulira ngati mwana amene waswa botolo la mafuta panjira. Mayiwo ankagwira pafakitale yomweyo, patebulo la azimayi ochotsa misana ya masamba ndi kumanga timitolo. Anali munthu wosalankhulalankhula. Anawasiya amunawo alire mpaka atope, kenako anati, "Bambo, m'nyumba muno mphuno zilimo ziwiri. Yafa imodzi. Pukutani m'maso mudye."

Ndiye anapangana chonchi. Tsamba lililonse lochoka ku milu, kumene fodya amamuvundika miyezi kuti apse n'kutaya ukali wake, linkadutsa m'manja mwa azimayi aja. Mayiwo akapeza masamba oyenera ndudu yagolide, ankamanga kamtolo kake ndi mfundo ziwiri m'malo mwa imodzi, yachiwiriyo n'kuipisa mchira pansi. Poweruka ankaika timitoloto pashelefu yam'mwamba, kuseri kwa mpando wawo. M'mawa anthu asanafike a Mphuno ankatitenga, ndipo anthu pofika ankawapeza akutinunkhiza mwamatama, akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva nyimbo yakutali.

Kunyumba mayiwo ankawaphunzitsa mawu. "Mlendo akafunsa, mukanene kuti poyatsa ndi khofi wokazinga kumene. Ikafika pakati, chikopa cha lamba watsopano ndi kamtengo ka mkungudza. Kumapeto kauchi pang'ono, ndi tsabola wogwira kukhosi koma wosaluma lilime." A Mphuno ankaloweza akutsuka mbale, ndipo tsiku lake likafika alendo ankawomba m'manja.

Kenako mayiwo anadwala nthenda yam'mimba imene madokotala anaipeza mochedwa. Miyezi yawo yomaliza pantchito ankamanga timitolo ngati munthu wothamangitsidwa, n'kumasunga m'makatoni, osauza aliyense chifukwa chake. Pomwalira anasiya makatoni khumi ndi anayi. A Mphuno ankawayang'ana m'mawa uliwonse monga wapaulendo amayang'anira madzi otsala m'botolo. Chiikire maliro sanadutsenso pakhomo la chipinda cha azimayi. Ankazungulira kuseri, chakumene amataya zinyalala, kuti asaone mpando uja. Pampandopo abwana anaikapo mng'ono wa malemuwo, mlamu wa a Mphuno, amene zaka zonsezo ankagwira kumabokosi. Ameneyo ndi mkulu wake anali osiyana ngati tsabola ndi mkaka. Pakamwa pake panali lumo.

Katoni yomaliza inatha Lolemba lina, ndipo tsiku lomwelo abwana anawaitana ku ofesi. Abwanawo anali mayi, mwana wa amene anayambitsa fakitale, ndipo anakulira pamiyendo pa a Mphuno. Mpaka nthawi imeneyo ankawatchabe amalume.

"Amalume, wogula wathu wamkulu uja akubwera pakatha milungu isanu. Akufuna zagolide mazana asanu ndi limodzi, za fodya wa chaka chino. Wati akayatsa imodzi n'kumva zimene anamva chaka chatha, azitenga zathu zaka zisanu osayang'ananso kwina."

"Fodya wa chaka chino," anatero a Mphuno.

"Eya. Mwamuona bwanji? Bambo ankati chaka cha dzuwa ndicho chaka cha uchi."

"Ali bwino. Akulonjeza."

"Ine sindidandaula," anatero abwana akutseka buku lawo. "Tili ndi inu."

A Mphuno anakadzitsekera m'chipinda cha masamba. Anatenga kamtolo ka fodya watsopano, n'kukwiriramo nkhope, n'kukoka mpweya mpaka m'maso munachita mdima. Palibe chimene chinabwera. Zala zawo zinkadziwa zambiri, zinkadziwa tsamba lakunsonga ndi lam'munsi, lonyowa ndi louma, limene lidzayaka mowongoka ndi limene lidzayaka mbali imodzi. Koma kuti ili lapsa, ili likadali laliwisi mkati, ili lili ndi uchi, ili ndi udzu chabe, zimenezo zala sizidziwa. Anaganiza zonamizira matenda. Anaganiza zokwera basi kupita kwa mwana wawo osatsanzika. Anaganizanso za nkhope yawo yapakalamba ija, ikusekedwa m'mayiko amene sanapondeko.

Lachiwiri anafika mlonda asanamalize tiyi wake. Mutu unali kwina, ndipo miyendo inangotsata njira yake yakale mpaka m'chipinda cha azimayi. Munalibe munthu. Dzanja linakwera lokha pashelefu ija monga linkachitira zaka zisanu ndi zinayi, ndipo linakhudza masamba.

Tinali timitolo tisanu ndi kamodzi. Anatsitsa kamodzi, chala n'kutsata chingwe. Mfundo yoyamba. Mfundo yachiwiri, mchira wake wopisidwa pansi.

Anakhala pansi pasimenti yozizira, kamtolo kali m'manja. Mpando uja unali pomwepo, ndi kapilo kamene malemuwo anasoka okha. Mawindo anali otseka. M'chipindamo munali zii, moti ankamva madzi akudontha pampopi wakunja.

"Mayi?" anatero motsitsa mawu, ndipo atangotero anachita mantha kuti mwina ayankhidwa.

Mfundo imeneyo ankaidziwa anthu awiri, ndipo mmodzi anali pansi pa dothi. Ngati wamanga ndi wamoyo, ndiye kuti chinsinsi chili pabwalo, wina akuwaseweretsa ngati mphaka ndi khoswe. Ngati si wamoyo, ndiye kuti ndani? Sanadziwe kuti pa ziwirizi aope chiti. Koma munthu womira sasankha dzanja lomuvuula. Anatola timitolo tonse, n'kutuluka chambuyo, maso ali pampando.

Lachitatu anapeza tisanu ndi titatu. Lachinayi tisanu. Panalibe tsiku limene shelefu inagona yopanda kanthu. Zingwe zake sankataya, ankaopa. Ankamasula bwinobwino chakumbali, mfundo ziwirizo zili chimangire, n'kukoleka pamsomali kuseri kwa chitseko cha chipinda cha masamba. Kudya anasiya. Kunyumba epuloni ya mayiwo inali chikolekere pakhoma, ndipo anatembenuza mpando kuti asamayang'anane nayo. M'thumba mwake munali mpira wa chingwe. Anaulemba chizindikiro ndi cholembera kuti aone ngati ukuchepa. Sunkachepa, koma zimenezo sizinawatonthoze. Ankati mumtima, akufa sagwira ganyu waulere. Mwina akufuna amalize ntchitoyi, kenako anditenge. Podutsa msewu ankayang'ana uku ndi uku katatu, mpaka oyendetsa njinga ankawatukwana.

Komabe anasakaniza. Tsamba limodzi ndi theka lakunsonga, awiri apakati, limodzi lam'munsi, n'kugawira okulunga anayi amene ankawakhulupirira. Mmodzi mwa iwo anali mwamuna wamanzere, wanthabwala, amene onse ankangomutcha Amanzere. Atangotambasula masamba pathabwa lake anayetsemula katatu motsatana.

"A Mphuno, fodya wa ulendo unoyu ndi wa anthu kapena wophera nsikidzi?"

Benchi yonse inaseka. A Mphuno anakweza chibwano.

"Iwe unayamba liti kununkhiza? Kulunga."

"Mukhululukireni madala," anatero wapafupi naye. "Mphuno yake inazolowera masokosi ake omwe, china chilichonse chimamudabwitsa."

"Masokosi anga sanalizepo munthu," anatero Amanzere akupukuta m'maso ndi mkono. "Koma poti mwanena ndinu, ife ndife manja chabe."

Anakulunga. Ndani akanatsutsa munthu amene nkhope yake ili pakalamba? Ndudu yongokulunga kumene imakhala ndi kafungo kakekake kaukali, ndiye aliyense ankati zidzatha zikagona m'kabati. Wamisala anaona nkhondo, koma anthu anangoseka.

Lamulo la malemu bambo a abwana linali lakuti ndudu yatsopano siyatsidwa mpaka itagona m'kabati ya mkungudza, ndipo bokosi loyamba amatsegula wosakaniza, pamaso pa mlendo, atanena kaye zimene mlendoyo amve. A Mphuno sanaswepo lamulolo, koma Lamlungu lina masana anatenga imodzi n'kukakhala nayo kuseri kwa nyumba yawo. Moto unayenda mowongoka, phulusa loyera, lolimba, losagwa msanga. Imeneyo inali ntchito ya zala zawo, ndipo inali bwino. Utsi unali utsi chabe monga masiku onse. Koma atakoka kachitatu kukhosi kunagwira, m'mphuno munalasa, misozi inayamba kutsika yokha. Zaka zisanu ndi zinayi ndudu inali isanawachitepo kanthu.

"Ndakumvani, mayi," anatero. "Ndakumvani."

Anazimitsa nduduyo padothi, ndipo analira zenizeni.

Tsiku la mlendo linafika. Galimoto inkayembekezeka teni koloko. Cha m'ma naini a Mphuno anali m'chipinda cha masamba, akubwereza mawu aja chamumtima, pamene chitseko chinakankhidwa popanda odi. Anali mlamu wawo, shati yoyera ili pamkono.

"Alamu, shati yanu iyi. Ndasita ndekha. Musaganize kuti ndikukufunani, ndangoona kuti mulowa pamaso pa mlendo ngati munagona m'thumba la makala."

"Ika pomwepo. Muno salowa aliyense, ukudziwa."

"Ndaika, ndikutuluka. Chipinda chake chonunkha ngati..." Anatembenuka kuti atseke chitseko, ndipo anaima. Anayang'ana msomali uja. Anatambasula dzanja n'kugwira zingwe zija, mtolo wonse. "Zingwe zangazi zikutani muno?"

A Mphuno anayang'ana zingwezo.

"Zako?"

"Zanga, nanga za ndani? Mfundo ya amayi athu iyi. Kwathu chilichonse chopatula tinkamanga kawiri, kuti wina asachisakanize ndi zinzake. Ine ndikapeza fodya wosapsa, wonunkha mkodzo uja, ndimamanga chonchi n'kuika pashelefu kuti bambo wa ku milu uja adzatenge akavundikenso. Ndinamuuza tsiku limene tinayamba fodya wa chaka chino. M'mawa uliwonse ndimapeza watenga, mpaka ndinkati koma aulesi aja atembenuka mtima." Anayang'ana zingwe, anayang'ana alamu ake. "Masamba ake ali kuti?"

Maso a a Mphuno anapita okha kukhoma, kumene kuseri kwake kunali kabati ya mkungudza.

"Zonse zija?"

"Zonse."

Mlamuyo anatseka chitseko pang'onopang'ono. Patebulo panali timitolo ta m'mawa umenewo, tisanamasulidwe. Anatenga kamodzi n'kukaika pansi pa mphuno yawo.

"Nunkhizani."

"Iwe, ine si mwana."

"Nunkhizani, alamu. Mundiuze."

Anakoka mpweya. Pakamwa panayamba pokha. "Khofi wokazinga kumene, ndi ka..."

"Ndi khola la mbuzi mvula itagwa," anatero mlamuyo, mawu ake atatsika. "Mwana wa zaka zisanu angakuuzeni ali pakhomo. Kuyambira liti?"

"Chimfine chija."

"Chija munagona milungu itatu? Ndiye zaka zonsezi ndani..." Anagwira pakamwa. Lumo lija linagwa. Anakhala pabelo, n'kuyang'ana zingwe zili m'manja mwake. "Akulu anga ankapatula chabwino. Ine ndimapatula choipa. Mfundo ndi yomweyo."

"Ndinkayesa ndi iwo," anatero a Mphuno. "Ndinkayesa akubwera. Ndinayatsa imodzi, misozi inatsika, ndinati ndi iwo."

"Sichinali chisoni chimenecho, alamu. Ndi fodya wamuwisi, amaliza aliyense."

Kunja kunamveka galimoto ikuima, zitseko zikutsekedwa, abwana akuseka kuseka kwawo kwa alendo. A Mphuno anavala shati ija mothamanga, koma mabatani anawakanika. Mlamuyo anaimirira n'kuwamanga yekha, mofulumira, ngati akuveka mwana wochedwa kusukulu.

"Mverani. Mukanene kuti ndine ndinasokoneza timitolo mutasankha kale. Ndine watsopano patebulo paja, akhulupirira. Andikalipira, andibweza kumabokosi, basi. Ine nkhope yanga sili pakalamba."

"Nanga chaka chamawa?"

"Chaka chamawa chidzadziwa chokha. Pitani."

Chipinda cha alendo chinali ndi tebulo lalitali lopukutidwa, mipando yachikopa, matambula a madzi ndi machesi aataliatali. Wogula uja anali bambo wonenepa wamagalasi, amene ankabwera chaka ndi chaka. Anaimirira n'kuwagwira chanza ndi manja awiri.

"Mwini mphuno uja. Pepani za mayi, ndinamva. Panjira ponse ndakhala ndikumeza malovu. Tiuzeni, chaka chino mwatikonzera zotani?"

Bokosi linali kale pamalo pa a Mphuno, lotseka. Anaikapo manja onse awiri. Abwana anali kumwetulira. Kuseri kwa galasi la chitseko ankaona mitu ya okulunga ikusuzumira, ndi mpango wa mlamu wawo. Bodza linali lokonzeka, lopatsidwa mwaulere, longofuna kutsegula pakamwa. Koma ataliyesa pa lilime anaona mmene lidzakhalire. Mlamu adzatsika masitepe anthu akumuloza, ndipo mayi aja adzakhala pansi pa dothi monga anakhalira pamwamba pake, munthu wa patebulo la misana amene palibe anamudziwa.

"Amalume?" anatero abwana.

"Bokosi ili silitsegulidwa."

Wogula anaseka, akuyesa nthabwala. Palibe anamuthandiza kuseka.

"Muli fodya wosapsa. Zonse mazana asanu ndi limodzi. Ndinasankha ndine, ndi manja awa, ndipo sindinadziwe chifukwa sindimva fungo. Papita zaka zisanu ndi zinayi." Anayang'ana wogula uja. "Ndudu imene munaikonda chaka chatha, ndi chaka chinacho, ndi zonse zija, ankasankha ndi mayi akunyumba kwanga. Khofi uja, chikopa chija, uchi uja, anali mawu awo. Ine ndinkangonyamula."

Abwana anasiya kumwetulira pang'onopang'ono, ngati nyale ikutha mafuta. Wogula anavula magalasi, anawapukuta ndi tayi, anawavalanso.

"Mayi ake ati?"

"Ankakhala pafupi ndi windo, patebulo la azimayi. Aafupi, a epuloni yobiriwira."

"Ndinkawadutsa chaka chilichonse," anatero wogulayo. "Sindikukumbuka ngati ndinawapatsapo moni." Anayang'ana wotchi. "Ndege yanga ndi yamadzulo. M'nyumba muno mulibe mphuno ina?"

Abwana anayang'ana a Mphuno, ndipo a Mphuno anayang'ana kuchitseko. Mlamu analowa akupukuta manja pachovala chake.

"Ine ndimadziwa choipa chokha, bwana. Chabwino sindinaphunzire."

"Mawu ndili nawo ine," anatero a Mphuno. "Tiye."

Onse anatsikira kuchipinda cha masamba, ngakhale wogula ndi nsapato zake zonyezimira. A Mphuno ankasankha ndi zala, tsamba lapakati, lamafuta, lotanuka, n'kumupatsa mlamu.

"Funa chikopa cha lamba watsopano."

"Ichi ndi chikopa, koma cha nsapato ya mlonda."

"Taya. Ili?"

"Udzu."

"Ili?"

Mlamuyo ananunkhiza, anasiya, ananunkhizanso. "Ili mwina. Likununkhira ngati m'sitolo ya zikwama."

"Ndi lomwelo. Tsopano lakunsonga, la tsabola wogwira kukhosi koma wosaluma lilime."

"Akulu anga ankalankhula chonchi? Ine ndinkayesa sadziwa mawu oposa khumi."

Zinatenga ola lathunthu. Uchi sanaupeze bwinobwino. Mlamu ankati mwina ili, mwina ilo, mphuno itatopa. A Mphuno anayala masambawo m'dzanja mwa muyeso wawo, n'kupatsa Amanzere, amene ulendo uno sanayetsemule ndipo sananene nthabwala. Anakulunga, anaveka khungu, anadula ndi mpeni wake wopindika, n'kupereka ndi manja awiri.

Wogula anayatsa ataimirira pakati pa mabelo. Anakoka, anasunga utsi m'kamwa, anautulutsa pang'onopang'ono. A Mphuno ankayang'ana nkhope yake monga woimbidwa mlandu amayang'anira pakamwa pa woweruza. Wogulayo anasuta mpaka phulusa linatalika ngati chala.

"Ndi ndudu yabwino," anatero pomaliza. "Khofi alimo. Chikopa chilimo. Moto wake palibe angaunene. Koma si ija. Kumapeto kulibe kanthu, ikungotha." Anatembenukira kwa abwana. "Za zaka zisanu zija tisiye kaye. Ndidzabweranso fodya winayo akadzapsa. Ndikadzapeza uchi uja, tidzakambirana."

Galimoto itapita, abwana anawaitana a Mphuno ku ofesi. Sanawauze kuti akhale.

"Mukanandiuza, amalume."

"Ndinkaopa."

"Munkaopa ine? Amene munkandigulira maswiti?" Anayang'ana pawindo. "Fodyayu sakundiwawa kwambiri. Chikundiwawa n'chakuti munthu amene ankasenza nyumba ino ndinamutumizira nkhata yamaluwa yaing'ono, yofanana ndi ya wina aliyense. Munandilola ndichite zimenezo." Anatambasula dzanja. "Kiyi."

Chingwe cha nsapato chija chinakola m'khutu potuluka. Pakhosi panatsala mzere woyera pamene dzuwa linali lisanafikepo zaka makumi atatu.

Sanawachotse ntchito. Anawapatsa malo kumapeto kwa benchi, ndi mpeni, ndi mabokosi aja. Ntchito yawo yoyamba inali kung'amba ndudu mazana asanu ndi limodzi, imodziimodzi, kuvula kalamba ka nkhope yawo, kutumbula khungu, kutulutsa masamba kuti abwerere ku milu. Tinkhope tagolide tinadzaza ndowa. Masiku oyamba anthu ankasowa powatchula. Ena ankati madala, ena ankangotsokomola. Amanzere yekha ndiye anapitiriza kunena a Mphuno, ndipo atafunsidwa anati, "Nanga pankhope pawo mukuona kuti yachoka?"

Kiyi anapita pakhosi pa mlamu. Tsiku lililonse cha m'ma leveni ankatulukira ndi timitolo tiwiri titatu, n'kuima pambali pawo.

"Alamu, nenaninso za uchi zija. Ankati uchi wotani?"

"Ankangoti kauchi pang'ono."

"Uchi ulipo wambiri. Wam'botolo? Wam'chisa? Ganizani, mutu umenewo si wongosenzera chipewa."

Ndiye a Mphuno ankatseka maso, osati mwamatama tsopano, n'kumafufuza mawu a mayiwo kumene anagwera, pakati pa mbale ndi sopo wa zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lina anakumbuka. "Anati ngati supuni imene inali mu uchi dzulo, yatsukidwa koma sinaiwale." Mlamu anawayang'ana, anapita, ndipo anakhala m'chipinda cha masamba mpaka belu loweruka.

Mantha aja anatha. Anayambanso kudya, mpando wa kunyumba anautembenuzanso kuyang'ana epuloni, msewu ankawoloka ngati anthu ena onse. Koma amene ankafika molawirira ankawaona. Mlonda asanamalize tiyi, a Mphuno ankalowa m'chipinda cha azimayi muli zii, n'kuima kuseri kwa mpando uja. Mlamu anali atasamutsira fodya wake woipa m'dengu pafupi ndi khomo, ndiye pashelefu sipankakhala kanthu. Milungu isanu yathunthu ananjenjemera poganiza kuti mayi akubwera. Tsopano ankadziwa kuti sanabwerepo ngakhale kamodzi. Ankakweza dzanja, n'kuyendetsa pathabwapo kuchokera kumapeto uku mpaka uko, kenako ankapukuta fumbi pathalauza n'kupita kubenchi kukanola mpeni.